Lilime la ku Ndirande pa chikondwerero cha vinyo

Ndiyambe ndi kuulula kuti tikiti sindinagule ndine, kuopa kuti wina angaganize kuti ndalama ya ngongole ya sukulu ndikuithera m'mahotela. Mnzanga wa m'kalasi ali ndi mchemwali wake amene amagwira ntchito ku kampani ina yoitanitsa zakumwa kuchokera ku South Africa. Iyeyo ndiye anapatsidwa matikiti awiri a chikondwerero cholawa vinyo chimene chinachitikira pa kapinga wa hotela ina mu Blantyre muno. Lachisanu usiku ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Mawa utchene, tikaone mmene amamwera anthu a kumayadi." Mtengo umene unalembedwa pa tikitiyo unali wokwana ndiwo za masabata awiri kwathu ku Ndirande.

Ine si katswiri wa vinyo. Amene ndinkamudziwa ndi wotsekemera uja wa m'katoni, wotuluka pa zinkhoswe ndi pa maukwati, amene amathiridwa m'makapu a pulasitiki anthu ali pakalikiliki wa perekaniperekani. Ndimamukonda ndithu, koma mwa apo ndi apo, thumba likalola. Choncho ndinasita malaya anga a pa kaunjika, n'kukwera minibasi pa Chinseu, mtima uli phaphapha ngati ndikupita kukalemba mayeso amene sindinawerengere.

Pakhomo anatipatsa tambula ya galasi ya mwendo wautali ndi kapepala kolembapo maganizo athu. Matebulo anali ndandanda, lililonse ndi mabotolo ake. Wothira amakupatsa pang'ono chabe, kongonyowetsa pansi pa tambula. Umayenera kuyang'ana mtundu wake, kuzunguza tambulayo, kununkhiza, kenako n'kupsontha. Pambali panali kachidebe koti ukalawa ulavuliremo. Kachidebe kameneko sindinakagwiritse ntchito, ndipo sindinaone Mmalawi aliyense akukagwiritsa ntchito.

Pa tebulo loyamba, bambo wothira anati vinyo wakeyo akununkhira blackcurrant. Ndinagwedeza mutu. Pa lachiwiri anati cranberry. Ndinagwedezanso, mpaka kulemba pa kapepala kaja. Zipatso zonsezi sindinaziwonepo chibadwire, ngakhale pa chithunzi. Nditayang'ana uku ndi uku ndinaona anzanga ena a ku koleji, a ku Bangwe ndi ku Machinjiri amene timalimbirana nawo chiwaya pa nkhomaliro, nawonso akugwedeza mitu mwaulemu. Tonse tinali pa sewero limodzi, aliyense akuopa kuti mnzake amutulukira.

Pa tebulo lachitatu panali mayi wachikulire wa ku Cape Town amene ankathira Pinotage. Sanatiuze choti timve. Anangofunsa kuti, "Ukumvamo chiyani?" Ndinanunkhiza, ndinapsontha, ndipo chimene chinandifikira ndi bwemba, kenako kautsi ka pa mbaula, pomaliza kuuma kwa m'kamwa kuja kumene umamva ukaluma suku losapsa. Ndinanena zomwezo m'Chingerezi changa chothyokathyoka, n'kufotokoza kuti suku n'chiyani. Mayiyo anasangalala, nandipempha kuti ndimulembere dzina la chipatsocho. Koma mnyamata wina wovala bwino amene anaima pambali panga anaseka nati, "Aaa, awa ndi akatswiri a kachasu, asiyeni." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka nawo.

Kuseka kumeneko ndi kumene kwandilembetsa nkhaniyi. Fizi yanga ya ku sekondale, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, inachokera m'kachasu. Bambo anga atamwalira, azakhali anga ndiwo ananditenga, ndipo geni yawo inali yotcheza kachasu kuseri kwa nyumba. Yunifolomu, makope, ndalama ya mayeso a MSCE, zonse zinatuluka mu mgolo wakuda ndi mwaye uja. Ndiye ine, nditagwira tambula ya eni, ndinaseka dzanja limene linandifikitsa pamene ndinaimapo. Ndinabwerera kunyumba mutu uli bwinobwino koma mtima ukundiwawa.

Maganizo anga ndi awa. Palibe cholakwika kuti mwana wa ku Ndirande, ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa alawe vinyo ndi kumukonda. Cholakwika n'choti ambirife timapita kumalo otere kukabwereka lilime la eni, ndipo pobwerako timanyoza lathu. Timatengako zithunzi za pa Instagram ndi mawu oloweza, n'kusiya phunziro lenileni limene lili pamenepo.

Tiyambe ndi vinyoyo. Ndi madzi a mphesa amene yisiti wadya shuga wake n'kumusandutsa mowa ndi mpweya. Basi. Ukali wake nthawi zambiri umakhala pakati pa 12 ndi 14 pa 100 alionse. Wofiira amafiira chifukwa madziwo amawira pamodzi ndi makoko a mphesazo, ndipo m'makokomo ndi mmene mumachokera tannin, chinthu chija choumitsa m'kamwa. Tannin yemweyo ali mu tiyi wa ku Thyolo ukamusiya nthawi yaitali m'ketulo, ali m'nthochi yosapsa, alinso m'masuku anga aja. Mbali yaikulu ya chimene timachitcha kukoma imachokera ku mphuno, n'chifukwa chake chimfine chikakugwira ngakhale chambo sichimveka. Ndiye munthu akanena kuti vinyo akununkhira blackcurrant sakutanthauza kuti athiramo chipatsocho. Akungoyerekeza fungo ndi chinthu chimene mphuno yake inazolowera kuyambira ali mwana. Wa ku Ulaya amatchula zipatso za kwawo. Nanga ife tilekerenji kutchula malambe, masau, matowo, nthudza, jambula ndi chidede? Amene wanena bwemba chifukwa wamvadi bwemba walawa vinyo. Amene wanena cranberry chifukwa wamva wina akunena wangobwereza mawu.

Ndipo akatswiri amene timawaopawo nawonso amapusitsika. Mu 2001, ofufuza a pa yunivesite ya Bordeaux ku France anatenga vinyo woyera n'kumuthira utoto wofiira wopanda fungo, kenako anapatsa ophunzira 54 a maphunziro a vinyo kuti anunkhize. Ophunzirawo anamufotokoza ndi mawu amene amafotokozera vinyo wofiira. Maso ananamiza mphuno. Mu 1976 ku Paris, akatswiri a ku France analawa vinyo osaona mabotolo, ndipo anapereka malo oyamba kwa vinyo wa ku California, yemwe pa nthawiyo ankamuyang'anira pansi. Dzina la pa botolo likabisika, lilime limanena zoona. Likaonekera, munthu amayamba kumwa dzina ndi mtengo.

Amene akuganiza kuti luso limeneli n'lobadwa nalo kumayadi amve za anyamata anayi a ku Zimbabwe: Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu. Anapita ku South Africa kukasaka maganyu chuma cha kwawo chitasokonekera, monga amachitira abale athu ambiri opita ku Joni. Anayambira pansi m'malesitilanti, anaphunzira, ndipo mu 2017 anakaimira dziko lawo ku France pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo osaona botolo. Nkhani yawo ili mu filimu ya Blind Ambition ya 2021. Palinso Ntsiki Biyela wa ku KwaZulu-Natal, yemwe anapeza mwayi wokaphunzira zopanga vinyo pa yunivesite ya Stellenbosch asanalawepo vinyo n'kamodzi komwe. Iye ndiye mayi woyamba wachikuda kukhala wopanga vinyo ku South Africa, ndipo kampani yake anaitcha Aslina, dzina la agogo ake amene anamulera. Iye analemba dzina la womulera pa botolo. Ine ndinaseka wondilera pagulu.

Tisaiwalenso kuti botolo lonyezimiralo lili ndi mbiri yake. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa mu 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck, ndipo minda ya mphesa ya kumeneko inakula ndi thukuta la akapolo. Ukapolo utatha, kwa zaka zambiri eni minda ankalipira antchito mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, njira imene ankaitcha dop. Lamulo linailetsa cha m'ma 1960 koma m'minda ina inapitirirabe mpaka m'ma 1990, ndipo inasiya mabanja ambiri mu uchidakwa. Pinotage amene ndinamukondayo ndi mphesa imene Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya ku France. Sindikunena izi kuti tinyanyale vinyo wa ku South Africa. Ndikunena kuti tisamuone ngati chakumwa cha angelo pamene kachasu ndi cha ziwanda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale mawu awiriwa ndi apachibale: "vinyo" tinabwereka kwa Apwitikizi, amene amati vinho, ndipo "kachasu" anachokera ku cachaça wa Apwitikizi omwewo. Onse anatifika ndi alendo. Wina anakwera kumayadi, wina anatsala m'makwalala.

Kumapeto kwa mzere wa matebulo, pafupi ndi mpanda, panali katebulo ka vinyo wa zipatso wopangidwa m'dziko momwe muno. Anthu ankakadutsa ngati sakukaona. Nditalawa wa chidede ndinakumbuka ndiwo zowawasa za kumudzi, ndipo sindinafunike wina wondiuza choti ndimve. Ambiri mwa anzanga sadziwa n'komwe kuti ku Lilongwe kuli Linga, kampani ya banja la a Ngwira, imene kwa zaka zambiri yakhala ikupanga vinyo kuchokera ku jambula, chidede, magwafa, mapulamu ndi zipatso zina zogulidwa kwa alimi athu. Wina anandinong'oneza kuti ameneyo si vinyo weniweni popeza si wa mphesa. Chabwino, mutcheni dzina lina ngati mukufuna. Koma funsani kuti ndalama ya botolo lililonse ikupita kuti.

Funso limeneli si laling'ono. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse, ndipo tonse tikudziwa mizere ya pa malo omwetsera mafuta ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Botolo lililonse lodutsa pa chipata cha Mwanza lagulidwa ndi ndalama zomwezo. Pa msewu womwewo wa ku Mwanza, nyengo ya manachesi ikafika, amayi amathamangira basi iliyonse ndi mabeseni, ndipo osagulidwa amaola. Mango amaolera pansi pa mitengo m'maboma a m'mbali mwa nyanja, nanazi ku Mulanje, masau ku Chigwa cha Shire. Shuga amene yisiti amafuna ali mbwee m'dziko muno, tikumutaya chaka ndi chaka. Ndipo sitinganene kuti Blantyre sadziwa kufulula. Fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark inatsegulidwa mu mzinda uno mu 1968, ku Makata, poyandikana ndi Ndirande yemweyu. Amalume athu ndi oyandikana nawo nyumba ndiwo akhala akuyendetsa makina ake.

Tsono ndikudziwa chimene ena mwa inu mukufuna kundifunsa. Kodi iwe, wokulira ku Ndirande, sunaone zimene mowa wachita? Ndaziona, ndipo mwina kuposa inu. Ndinaona abambo akugona m'ngalande dzuwa lili paliwombo, malipiro a mwezi atathera pakhonde la azakhali anga. Ndinaona anzanga a ku pulayimale akuyamba masacheti ali ndi zaka 13, mpaka boma linaletsa mowa wa m'masachetiwo mu 2015, koma mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo ta pulasitiki. Mu 2024 anthu anamwalira mu Blantyre muno atamwa mowa umene anthu anaupatsa dzina loti "Ambuye n'tengeni". Dzina lokhalo likukuuzani kuti omwawo ankadziwa chimene akuchita, koma analibe china chimene thumba lawo likanakwanitsa. Sindikufuna kudzoza mafuta chinthu chimene chaika anthu m'manda. Fizi yanga inali ndi misozi ya ana a eni, ndipo zimenezo ndimakhala nazo.

Koma tinene chilungamo mbali zonse. Vinyo nayenso ndi mowa. Mu January 2023 bungwe la WHO linanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene ungatchedwe wopanda chiopsezo pa thanzi, ndipo silinapatule wa m'tambula ya mwendo wautali. Pofika madzulo pa chikondwerero chija, kuzunguza matambula kunali kutatha, anthu akungoti "dzazani". Ena ndinawaona akudzandira kupita ku magalimoto awo, makiyi ali m'manja. Woledzera wa ku Goliyo amagwa yekha m'ngalande. Woledzera wa pa galimoto amatenga ndi wa kabaza yemwe. Koma woyambayo timamutcha chidakwa, wachiwiriyo timati amadziwa kusangalala.

Kusiyana kwenikweni pakati pa botolo la pa tebulo lija ndi botolo la kuseri kwa nyumba ndi muyeso. Pa loyambalo palembedwa ukali wake, amene analipanga, ndi kumene linachokera. Likakudwalitsa uli ndi womuloza chala. Lachiwirilo palibe akudziwa ngati lero lili ndi ukali wofanana ndi dzulo, kapena ngati wogulitsa wina wosusuka wathiramo sipiriti wa m'mafakitale kuti achulukitse phindu. Methanol wopezeka mu sipiriti woteroyo amachititsa khungu, amaphanso, ndipo lilime silingamusiyanitse ndi mowa wamba. Ili si vuto la lilime la anthu osauka. Ndi vuto la zipangizo, maphunziro ndi malamulo. Bungwe loona za miyezo ya zinthu la Malawi Bureau of Standards lili mu Blantyre momwe muno, koma pakati pa labotale yake ndi mgolo wa mayi wa ku Malabada pali mtunda wautali kuposa wa minibasi.

Mtunda umenewo ndi wathu, ife ophunzira. Chaka chilichonse LUANAR, MUST, MUBAS ndi UNIMA zimatulutsa achinyamata odziwa sayansi ya zakudya, chemistry, uinjiniya ndi zamalonda. Ambiri timamaliza n'kuyamba kuzungulira ndi maenvulopu a khaki m'maofesi a mu Victoria Avenue. Kachipangizo koyezera shuga ndi ukali wa chakumwa, kotchedwa hydrometer, n'kotchipa kuposa foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi. Ndani mwa ife anaganizapo zopanga pulojekiti ya chaka chomaliza pa masau, pa malambe, kapena pa mmene thobwa lingakhalire sabata m'botolo osasasa? Ndani anakhalapo pansi ndi amayi ofulula kuti amve zimene akudziwa, iyenso awaonetse zimene akudziwa? Sizikusowa kuti chilichonse chikhale choledzeretsa. Madzi a malambe ali kale m'mashopu, ndipo wina anayamba ndi chidebe chimodzi.

Kwa anzanga amene simumwa, musaganize kuti mukutsalira. Chimene chinandisangalatsa pa tsikulo si mowa, koma kudekha. Kwa nthawi yoyamba ndinaona anthu akupatsa chakumwa mphindi yathunthu, akuchinunkhiza, akufunsa kuti chinalimidwa kuti, pa dothi lotani, mvula inagwa bwanji chaka chimenecho. Ulemu umenewo tingaupereke kwa tiyi wa ku Satemwa, khofi wa ku Mzuzu, mpunga wa Kilombero, uchi, ngakhale thobwa la mawere poliyerekeza ndi la chimanga. Eni vinyo anangotiposa pa chinthu chimodzi: anakhala pansi n'kulemba zimene malilime awo ankamva, kenako anatigulitsa pamodzi ndi nkhani yake. Ife zathu timameza tili chiimire.

Kwa amene mumamwa ndipo tsiku lina mudzapeza tikiti ngati yanga, pitani. Idyani kaye musanapite. Lawani pang'onopang'ono, imwani madzi pakati, ndipo konzeranitu za ulendo wobwerera. Akakufunsani chimene mukumva, nenani chimene mukumvadi, m'mawu amene muli nawo. Fikaninso pa katebulo ka kumpanda kaja. Ndipo wina akaponya nthabwala yonyoza kumene mukuchokera, musachite zimene ndinachita ine.

Lamulungu lake ndinapita kukaona azakhali. Masiku ano kachasu anasiya, chifukwa utsi unayamba kuwavuta m'chifuwa. Amaphika thobwa n'kumagulitsa m'mabotolo pafupi ndi msika. Ndinawapeza akuyanika chimera pa mphasa. Ndinawafotokozera zonse, za matambula, za kachidebe kolavuliramo, mpaka za nthabwala ija ndi kuseka kwanga. Ndinkayembekezera kuti akhumudwa. Iwo anangoseka za kachidebeko mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Ndiye anthuwo amalipira ndalama kuti akalavule?"

"Amatero, azakhali."

Anatapa chimera pang'ono, n'kutafuna, n'kukhala chete kanthawi. Kenako anati chatsala tsiku limodzi kuti chiume bwino, ndiponso kuti mawere a ulendo uno ndi a kumtunda, osati a kuchigwa, chifukwa akutsekemera mochedwa. Ndinatafuna nanenso. Sindinamve kusiyana kulikonse.

"Iwe mwana, sukulu yonseyi lilime lako likadali la khanda," anatero. "Tenga mpando, ndikuphunzitse."

Ndinatenga mpando, ndi kope lomwe.